Keke Yachulu ya Apongozi Anga

1

Ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala. M'mawa uliwonse, chitseko chisanatsegulidwe, ndimayang'ana madeti pa mabotolo ndi pa timabokosi, ndipo chimene chadutsa nthawi yake ndimachichotsa pa shelefu ngakhale chikuoneka chabwinobwino. Kubanja kwa amuna anga amanditcha a Sikelo, ati chifukwa ngakhale mchere ndimayamba ndauyeza ndisanathire. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti pamene mukuwerenga musandimvere chisoni poganiza kuti sindinkadziwa chimene ndikuchita.

Chaka chatha, Loweruka lachiwiri la Okutobala, apongozi anga aakazi anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Ana awo atatu anagwirizana zowakonzera phwando kunyumba kwawo. Woyamba kubadwa ndi amuna anga. Wachiwiri ndi mlongo wawo, amene tonse timawatcha a Wailesi, ndipo eni ake dzinalo amalivomera. Wotsiriza ndi makaniko, timangomuti Chitsiriza. Iyeyu anali atangokwatira mu Epulo mtsikana wa saluni ya pafupi ndi depoti ya basi. Dzina la mtsikanayo banja silinavutike nalo. Anangokhala Wasaluni.

Ntchito za phwando anagawa ndi a Wailesi. Zakumwa ndi mipando anapatsa azibambo. Mpunga ndi nkhuku anapatsa Wasaluni, ati tione ngati manja amenewo amadziwanso china kupatula kukoka anthu tsitsi. Za keke sanachite kutchula n'komwe. Kuyambira pamene ndinalowa m'banjamo, keke ya phwando lililonse imachokera m'khitchini mwanga.

Ndinene pano kuti mtsikanayo sanandilakwirepo. Vuto lake linali lakuti apongozi anamukonda msanga. Ankabwera Lamlungu masana kudzawaluka tsitsi, n'kumawaseketsa mpaka kutsokomola. Ine ndinali mpongozi wowakumbutsa nthawi yomwera mankhwala. Ankandilemekeza, koma sindikumbuka tsiku limene ndinawaseketsapo. Choncho ndinaganiza zopanga keke yoti anthu aiwale nayo kuti paphwandopo panalinso mpunga.

2

Keke yachulu, monga timaitchulira kunyumba, ndi yozungulira pamwamba ngati mbale yovundikira. Siphikidwa ili choncho. Umaphika makeke athyathyathya, n'kuwadula, n'kuyala zidutswazo m'kati mwa mbale yakuya ngati ukumanga khoma, kenako n'kudzaza zofewa pakatipo.

Masiku onse ndimagwiritsa ntchito mbale yachitsulo yokwanira anthu khumi ndi awiri. Ulendo uno alendo anali makumi anayi, ndiye ndinagula beseni lalikulu. Lachinayi nditaweruka kuntchito ndinaphika mathileyi atatu. Mazira, fulawa, shuga ndi batala ndinaziyeza kuti zilemere mofanana, monga ndimachitira nthawi zonse. Onse atatu anatuluka mu uvuni ali osalala, opanda popserera.

Makekewo ali kuzizira, Wasaluni anabwera kudzabwereka poto wamkulu. Anaima pakhomo la khitchini, n'kuyang'ana beseni, n'kuyang'ananso filiji yanga.

"Achemwali, chimenechi chilowa umu?"

Ndinamuuza kuti ndayeza kale.

"Ngati malo achepa, ya zakumwa ya ku saluni ija ndi yaikulu. Mungondiimbira."

Ndinamuyankha kuti asamale nkhuku zake, zisapse kunja m'kati muli magazi. Iye anaseka, anaona ngati ndi nthabwala, n'kunyamula poto wake.

Lachisanu ndinapempha tchuthi. M'mawa ndinayala pepala la pulasitiki m'beseni, n'kusanja zidutswa za keke kuyambira pansi mpaka kumlomo, osasiya mpata ngakhale wa nsonga ya mpeni. Ndinazipaka madzi a shuga kuti zisaume. Kenako ndinaphika kasitadi wa mkaka ndi mazira, ndipo atazizira ndinamusakaniza ndi kirimu. Ndinathira kasitadi, mango odula, kasitadi, mapichesi, mpaka beseni linadzadza. Pamwamba ndinatseka ndi keke yozungulira n'kusanjikapo mbale yolemera kuti zonse zigwirane. Ndinachotsa mashelefu awiri m'filiji ndipo beseni linalowa, kutsala mpata wa chala mbali zonse. Ndinali nditayezadi.

3

Masana ake kekeyo inali italimba. Ndinatenga thabwa lozungulira limene kalipentala anandidulira, lotambalala kuposa beseni kuti m'mbali mukhale malo a maluwa ndi mawu owafunira apongozi zabwino. Ndinavundikira thabwalo pa beseni, n'kutembenuza zonse kamodzi. Pamenepa ndi pamene keke zambiri zimafera. Ndinakweza beseni pang'onopang'ono, ndipo yanga inatsala pa thabwa ili yathunthu, yopanda mng'alu.

Aisingi, shuga wofewa wopaka kunja kwa keke, woyamba amakhala wopyapyala, wongogwira nyenyeswa. Wachiwiri ndiye wokongoletsa. Mpeni sungasalaze chinthu chozungulira chotero, umasiya mizere. Ine ndimadula kachidutswa ka pulasitiki wofewa, n'kukapinda, n'kumakakoka kuchokera pansi kupita pamwamba. Nditamaliza inali yoyera ngati dzira. Ndinaikapo maluwa achikasu, mtundu umene apongozi amaukonda, kuchokera pansonga kutsika mbali imodzi mpaka pa thabwa.

Amuna anga atabwera madzulo anaizungulira kawiri, manja ali kumbuyo, n'kufunsa ngati ndi yodya kapena yogonamo.

4

Loweruka kunatentha kuyambira m'mamawa. Tinainyamula pa galimoto, ine nditaifungatira pamiyendo, amuna anga akuyendetsa ngati atenga mazira. Titalowa nayo pabalaza anthu anaimirira. A Wailesi anaijambula mbali zonse, n'kulengeza kuti amene aikhudze nthawi isanakwane achoka ndi dzanja limodzi.

Mpunga wa Wasaluni unali wabwino. Nkhuku zake zinapsa mpaka pafupa. Ndinadya ndipo ndinasowa chodzudzula. Iye sanakhale pansi tsiku lonselo, ankangolowa ndi kutuluka m'khitchini ndi mbale.

Dzuwa litapendeka tinaimba nyimbo ndipo apongozi anagwira mpeni. Utalowa, m'kati munaoneka mizere yachikasu ndi yoyera, anthu n'kuwomba m'manja. Apongozi anandikoka dzanja, n'kuuza alendo, akuloza amuna anga, kuti mwana amene anabereka ndi uyo wa mimbayo, koma amene Mulungu anawapatsa ndi ine. Chidutswa choyamba, chachikulu, ndinawaikira ndekha pa mbale. Anachimaliza, n'kupempha china, ndipo ndinawaikira.

Keke yonse inatha. Pa thabwa panangotsala maluwa awiri.

5

Lamlungu m'mawa foni inayamba kulira. A Wailesi anali atasanza mpaka kufooka. Chitsiriza sankachoka kuchimbudzi. Pofika masana tinamva kuti odwala akwana khumi ndi mmodzi. Ambiri anachira pofika Lachiwiri, koma apongozi anakomoka ali m'bafa ndipo anawagoneka m'chipatala, madzi akulowera pamkono. Adokotala anati ndi chakudya choonongeka. Kuti ndi chiti sakanadziwa, chifukwa panalibe chotsala choti ayeze.

A Wailesi sanafune adokotala kuti adziwe. Ali chigonere kunyumba kwawo anaimbira aliyense: nkhuku. Keke za a Sikelo banja ladya zaka zonsezi, ndani anadwalapo? Chachilendo paphwandopo chinali chimodzi, manja atsopano. Ndipo anali ndi funso limene ankalibwereza kwa aliyense: bwanji wophikayo sanadwale?

Zinali zoona. Wasaluni sanamve ngakhale kupotokola. Amuna anga nawonso sanadwale, koma iwowo banja lonse limadziwa kuti ali ndi m'mimba mwa chitsulo. A Wailesi atandifunsa za ine, ndinati nanenso m'mimba munandivuta usiku wonse. Linali bodza.

Nkhani inakula pamene inkayenda. Sabata yoyamba ankati mtsikanayo anagula nkhuku zotsika mtengo zofa zokha. Yachiwiri ankati anasambira m'manja mankhwala a tsitsi. Apongozi atatuluka m'chipatala, ataonda mpaka mphete kuvuka yokha, ena anayamba kunong'ona kuti anathiramo kanthu dala, ati maso ake ali pa nyumba. Wasaluni atabwera ndi phala lake kudzawaona, a Wailesi analandira pakhomo n'kukalitaya kuseri iye akuona.

Ine ndinalipo tsiku limenelo. Ndinali kukhitchini, ndikusungunula mchere ndi shuga m'madzi a apongozi, ndipo ndinapitiriza kutakasa.

6

Chitsiriza ndi munthu wofatsa, koma mawu a mlongo wake ndi lamulo kwa iye. Anasiya kudya kunyumba. Ankadyera ku galaja, kapena kubwera kwathu madzulo, ine n'kumupakulira. Tsiku lina ali pa tebulo langa anauza mkulu wake kuti sakunena kuti mkazi wake anachita dala, koma mbale ikabwera patsogolo pake mtima umakana. Amuna anga anamuuza kuti apirire, zitha. Ine ndinamuwonjezera nyemba.

Kumayambiriro kwa Disembala tinamva kuti mtsikanayo wayamba kulongedza. Ati achoka Lamlungu likubweralo.

Lachinayi lake ananditumizira uthenga kuti tsitsi langa lakhalitsa, ndipite akandikonze. Sindinapeze chifukwa chokanira. Ndinafika nditaweruka. Anzake ogwira nawo ntchito anali atapita. Anandikhazika pa mpando wotsukira, n'kundigoneka chagada, khosi pa sinki. Madzi anali ofunda bwino. Zala zake zinali zofatsa. Anandifunsa za ana, za kuntchito, ngati madzi sakuwotcha. Kenako, osasintha mawu, anati:

"Achemwali, tsiku lija ndinakuonani mukuwalanda alamu, amuna anu, mbale."

Ndinkangoona denga.

"Ndinkatuluka m'khitchini ndi matambula. Munati, inu zotsekemera zakwana, taonani mimbayo. Anthu anaseka. Mbaleyo munakaiika pa windo. Inuyo simunalawe."

Ndinafunsa kuti nanga iyeyo bwanji sanadwale. Ndi zimene ndinapeza zonena.

"Palibe anandisungira," anatero. "Pomwe ndimamaliza kutsuka inali itatha."

7

M'chigawo chachitatu ndalumpha kanthu. Ndikanena tsopano.

Beseni ndinaliyeza. Thabwa sindinaliyeze. Nditamaliza kuika maluwa Lachisanu lija, ndinanyamula kekeyo kupita nayo ku filiji, ndipo thabwa linagunda mbali zonse ziwiri za khomo. Linapitirira ndi zala zitatu. Kulipendeketsa sikukanatheka. Kuchotsa keke pa thabwapo kukanaiphwanya, chifukwa m'kati munali mofewa ndipo aisingi anali atagwira kale.

Njira inalipo. Foni inali pa tebulo pomwepo. Ndinaitenga, ndinapeza nambala ya Wasaluni, ndipo ndinaganiza za mmene akanaseketsera apongozi Lamlungu lotsatira pofotokoza za a Sikelo amene anaiwala kuyeza thabwa. Mwina sakananena n'komwe. Ndinaibweza foniyo pa tebulo.

Keke ya mkaka, mazira ndi kirimu inakhala pabalaza kuyambira Lachisanu masana mpaka Loweruka, m'kutentha kwa Okutobala, itangoyang'anizana ndi fani. Amuna anga sadziwa za keke, sanafunse kanthu.

Loweruka m'mawa ndinaona timadzi tikutuluka pansi, pamene keke imakumana ndi thabwa. Ndinalowetsa kasupuni n'kulawa. Munali kuwawasa pang'ono, koti munthu wina akanati ndi mango. Ine sindinati ndi mango. Ndinalavula m'sinki, ndinapukuta timadzito, n'kuzunguliza mzere wa aisingi pansi ponse kuti pasaoneke. Ndinadziuza kuti shuga wachuluka, ateteza. Ndimadziwa kuti sateteza kasitadi.

Ndipo itadulidwa, mwa anthu makumi anayi ndinasankha mmodzi woti asadye.

Wasaluni anatseka madzi, n'kundikulunga thaulo kumutu. Ndinamufunsa chifukwa chake sananene.

"Ndinene kwa ndani? Mawu a Wasaluni ndi a a Sikelo, pa sikelo yomweyo?" Anaseka pang'ono. "Ndimadikira inuyo. Ndimati mwina akuwapatsa amayi nthawi achire kaye."

Anandiumitsa tsitsi, analipesa bwino, ndipo ndalama anakana.

8

Lamlungu tonse tinali kwa apongozi. Wasaluni anabwera kudzatsanzika. Anagwada pafupi ndi mpando wawo, a Wailesi ataima pambali ngati mlonda. Chitsiriza anali pakhomo, akuyang'ana nsapato zake.

Ndinaimirira n'kunena kuti ndili ndi mawu. Ndinafotokoza monga ndafotokozera pano, mwa ndondomeko yake: thabwa, foni, fani, kasupuni, aisingi wa pansi. Za mbale ndinamalizira. Sindinalire. Ndinaona kuti kulira kukanakhala kupempha chinthu chimene sindinayenere kupatsidwa.

A Wailesi, kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Amuna anga anandiyang'ana ngati akuwerenga chikwangwani cha patali. Kenako anati ankaganiza kuti tsiku lija ndinkangowaseka mimba, ndipo anatuluka panja.

Apongozi anasisita mkono pamene panalowa singano.

"Kuonongeka kwa chakudya kumachitika," anatero. "Nanenso ndinaonongapo. Koma ndifunse. Munalawa m'mawa?"

"Ndinalawa, amayi."

"Ndiye mwana wanga munamulanda mbale."

"Eya."

"Ine munandiikira chachiwiri."

Panalibe funso pamenepo.

Anatembenukira kwa Wasaluni, n'kumugwira mapewa, n'kumupepesa m'malo mwa nyumba yonse. Anauza a Wailesi kuti aliyense amene anamuimbira za nkhuku amuimbirenso lero lomwelo. Kenako anaitana Chitsiriza kuti akatsitse katundu wa mkazi wake pa galimoto, nkhani yatha.

Chitsiriza anabwera akumwetulira ngati munthu amene wamasulidwa. Anati tsopano zonse zamveka, apite kunyumba, ndipo ali ndi njala.

Wasaluni anaimirira n'kukonza siketi yake.

"Achemwali ndawakhululukira," anauza mwamuna wakeyo. "Iwowo anaopa manyazi. Koma si iwo amene ankakankha mbale yanga miyezi iwiri. Iwe unadikira kuti wina akuuze kuti sindine wakupha."

Anatsanzika apongozi mwaulemu wonse, n'kutuluka. Galimoto ya katundu inali ikudikira kale pamsewu.

9

Pamene ndikulemba izi, Wasaluni akukhala yekha m'kachipinda ka lendi kuseri kwa saluni yake. Chitsiriza amapitako kukapepesa. Amamulandira, amamupatsa mpando, koma sanabwerere. Amuna anga ndi ine tikadali limodzi. Amandiyankhula bwinobwino, koma za tsiku lija sanazitchulenso, ndipo sanandithokozepo chifukwa chowapulumutsa. Akanandithokoza sindikudziwa kuti ndikanayang'ana kuti.

Owerenga anzanga, ambiri a inu munena kuti tchimo langa linali kunyada, ndipo simukulakwa. Koma kunyada kunatha Loweruka lomwelo. Zimene zinatsatira zinali zina. Tsiku lililonse la miyezi iwiri ija ndinkadzuka ndikudziwa choonadi, ndinkaona munthu wosalakwa akusenza katundu wanga, ndipo ndinkapeza chifukwa chabwino chodikirira mawa. Apongozi achire kaye. A Wailesi aphwe mtima kaye. Mwina zingozizira zokha. Zifukwa zonsezo zinkamveka zanzeru, ndipo chilichonse chinkachotsa njerwa imodzi pa banja la mwana wa eni.

Sindikukuuzani kuti kuulula kumakonza zinthu. Ine ndinaulula zonse, osasiya kanthu, pamaso pa aliyense amene anayenera kumva. Dzina la mtsikanayo linayera, koma banja lake silinabwerere. Ngati pali munthu amene lero akunyozedwa chifukwa cha chinthu chimene inu mukudziwa kuti ndi chanu, musayembekeze tsiku labwino loti munene. Langa nditalipeza, katundu anali ali kale pa galimoto.